Ndinagula khofi pa foni, azakhali anandiphunzitsa kukazinga

Thumba linafika Lachisanu madzulo. Ndinakalilandira ndekha ku Limbe kwa kondakitala wa basi yochokera kumpoto, ndipo njira yonse mpaka kutsika pa Bvumbwe ndinaliika pamiyendo, kuopa kuti akaliponya kumbuyo likhudzana ndi madengu a usipa. Munali makilogalamu 5 a khofi wosakazinga amene ndinagula kwa munthu wina pa intaneti. Nditafika pakhomo sindinavule n'komwe nsapato. Ndinadula chingwe, kupisa dzanja, n'kutapa njere. Zinali zoyera mbuu, zopepuka, zolira tswatswatswa m'manja ngati makoko a mtedza wouma. Pa zithunzi zimene ananditumizira, njere zinali zobiriwirako ndi zosalala. Mtima unangoti myuu.

Ine ndine mwana wa ku Thyolo konkuno. Ndakulira pakati pa minda ya tiyi, ndipo khofi amene ndinkamudziwa ndi wa m'chitini uja, wa ufa wosungunuka m'madzi, wotuluka m'kabati kukabwera alendo. Amene ananditembenuza mtima ndi mnzanga wa kuntchito amene anakhalako ku Addis Ababa. Tsiku lina kunyumba kwake anakazinga njere pachiwaya ife tikuona, kusinja, n'kutiphikira. Anati ku Ethiopia ndi mmene amachitira m'makomo, popanda makina alionse. Kapu ija ndinaimwa yopanda shuga, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo chibadwire. Inali yowawasira pang'ono ngati chipatso, kenako kutsekemera kunatsalira kukhosi mpaka ndikukwera minibasi. Usiku womwewo ndinayamba kufufuza pa Facebook anthu ogulitsa khofi wosakazinga.

Munthu woyamba kundiyankha ndi amene ndinamugula. Anangoti ndi khofi wa kumpoto, wabwino zedi. Ine ndinafunsa funso limodzi lokha, la mtengo, kenako n'kutumiza ndalama yonse pa foni.

Thumba litafika, m'mawa mwake ndinatapa njere m'kambale kupita nazo kwa azakhali, mlongo wawo wa bambo anga. Iwowa anagwira ntchito zaka zambiri pa esiteti ina kuno, nyengo ina kuthyola tiyi, nyengo ina kuthyola ndi kusankha khofi. Ndinawapeza atakhala pamphasa akutongola chimanga. Anayang'ana m'kambale muja kamodzi kokha.

"Iwe, wagula khofi wovala malaya. Ameneyu sanam'konole."

Anatenga njere zingapo n'kuzifikisa pakati pa zikhatho. Chikopa choyera chija chinasweka, m'kati munatuluka njere yeniyeni. Imodzi anaiika pa dzino n'kuluma.

"Ona, mano alowa. Khofi wouma amakana mano, ukalimbikira amangothetheka. Uyu anam'longedza asanaume." Ananunkhiza, n'kundipatsira. "Nunkhiza wekha."

Munkamveka chuku patalipatali, ndi fungo la thumba lakale.

Ndi tsiku limenelo pamene ndinamvetsa mmene chipatso cha khofi chilili. Kunja kuli khungu lofiira, pansi pake zoterera zotsekemera, kenako chikopa cholimba chija, ndipo m'kati mwa chikopa muli njere yokutidwa ndi kakhungu kena kopyapyala kwambiri. Chipatso chimodzi nthawi zambiri chimakhala ndi njere ziwiri zoyang'anizana. Khofi wa m'chikopa si woipa, alimi ndi mafakitale amamusunga choncho dala chifukwa chikopa chimateteza njere. Koma chikopa chimalemera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu. Ndiye kuti pa makilogalamu 5 amene ndinalipira, kilogalamu imodzi inali makoko, ndipo wogulitsa sananene.

Tinakonola mumtondo, pang'onopang'ono, munsi osaukweza kwambiri kuopa kuswa njere, kenako kupeta. Ndiye inabwera ntchito yosankha. Azakhali anathira njere m'lichero n'kuyamba kuzikankha ndi chala chimodzi, zabwino uku, zoipa uko, liwiro lake ngati akuwerenga ndalama. Zakuda bii anati ndi zimene zinafera pamtengo kapena kutoledwa pansi, ndipo imodzi yokha imawawitsa kapu yonse. Zofiirira zonunkha mowawasa anati zinakhalitsa m'thanki yoviikamo khofi asanatsukidwe mpaka kuvunda. Zina zinali ndi timabowo ta tizilombo, zina zosweka, zina zofota ngati nyemba zosakhwima. Ntchito imeneyi inatitengera masiku awiri. Zotsalazo tinaziyanika masiku ena atatu mpaka zinayamba kukana mano. Poika pa sikelo sizinakwane makilogalamu 3. Wogulitsa uja nditamulembera anawerenga uthenga koma sanayankhe, ndipo ndinazisiyira pomwepo.

Kuyambira pamenepo sinditumiza ndalama ndisanafunse. Choyamba ndimafunsa ngati ndi wokonola kale kapena wa m'chikopa, ndipo ndimapempha kanema wachidule, osati chithunzi, wogulitsa atatapa njere m'dzanja panja powala. Chithunzi munthu akhoza kuchitenga kulikonse. Ndimafunsanso kuti anathyoledwa chaka chiti. Kuno ku Malawi khofi amathyoledwa nyengo yozizira, kuyambira cha mu Meyi mpaka cha mu Seputembala, choncho watsopano amayamba kupezeka bwino chakumapeto kwa chaka. Wogonera amatuwa, kubiriwira kumatha, ndipo ngakhale mukazinge mwaluso bwanji amamveka ngati thabwa. Mawu akuti wa kumpoto paokha sandikwanira. Kumpoto ndi kwakukulu: kuli mapiri a Misuku ku Chitipa, kuli Phoka ku Rumphi, kuli Viphya, kuli mapiri a ku Nkhata Bay, ndipo alimi ang'onoang'ono a madera amenewa ambiri ali m'makopaletivi a Mzuzu Coffee. Wogulitsa weniweni amatchula dera ndi malo amene khofiyo anatsukidwira mosajejema. Akayamba kuzungulira, ndimathokoza n'kutsanzika.

Ndipo musayambe ndi makilogalamu 5 ngati ine. Pemphani theka la kilogalamu kapena imodzi, mukazinge, mulawe. Ikakoma, muitanitsa zambiri kwa munthu yemweyo. Uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba usungeni, mugwirizane basi imene akweze katunduyo, ndipo mumuuze aike njere m'pepala la pulasitiki lolimba asanaziike m'thumba. Khofi wosakazinga amayamwa fungo la chilichonse chimene wayandikana nacho, kaya ndi dizilo, sopo kapena nsomba zouma, ndipo fungo likalowa silitulukanso.

Pa masamba ogulitsa mukumana ndi mawu akuti specialty. Si mawu ongokometsera malonda, ali ndi muyeso wake. Akatswiri olawa amapereka mapointi mpaka 100, ndipo khofi amatchedwa dzina limeneli akafika 80 kapena kuposa. Amatapanso magalamu 350 a njere zosakazinga n'kuwerenga zilema: sipayenera kupezeka cholema chachikulu ngakhale chimodzi, monga njere yakuda ija. Chinyezi cha m'njere chimayenera kukhala pakati pa 10 ndi 12 peresenti, chimene azakhali amachiyeza ndi dzino. Tsono wina akalemba specialty pa katundu wake, mufunseni kuti anayeza ndani. Mukumananso ndi mawu akuti washed ndi natural. Woyambayo ndi khofi amene anam'chotsa khungu n'kumutsuka asanayanike, ndipo ndi wofala kwambiri kuno. Winayo amauma ali m'chipatso momwemo, n'chifukwa chake amamveka zipatso kwambiri m'kamwa. Kwa munthu amene akuyamba kumene kukazinga ndingalimbikitse wotsuka, pakuti njere zake zimapsa mofananako ndipo mtundu umaoneka bwino pachiwaya. Dzina lina lokopa ndi Geisha. Mtundu umenewu unachokera ku Ethiopia ndipo unatchuka dziko lonse chifukwa cha wa ku Panama amene amagulidwa pa mitengo yodabwitsa. Ku Malawi kulinso khofi wotchedwa Geisha, wokoma ndithu, koma si yemweyo wa ku Panama. Musalipire dzina.

Ndinayesako kuitanitsa wa kunja, wa ku Ethiopia ndi ku Kenya. Nditafika polipira ndinaona kuti mtengo wotumizira ukuposa wa khofi amene, osawerengera msonkho ndi kusaka ndalama zakunja. Pa tsamba lomwelo panali khofi wa ku Malawi, atam'lembera mawu oyamikira. Zinandikhudza kwambiri. Anthu akutali akumusirira, ine ndili pa Bvumbwe, ulendo wochepa chabe kuchoka pa minda ya Satemwa imene yakhalapo kuyambira 1923 ndipo imalima khofi pambali pa tiyi. Ambirife sitidziwa kuti kuno kum'mwera khofi ndiye anatsogola kukhala mbewu ya malonda. Anafika ku mishoni ya Blantyre mu 1878, ndipo m'zaka za m'ma 1890 ndiye ankabweretsa ndalama zambiri m'dziko muno. Mitengo itagwa chifukwa cha kuchuluka kwa khofi wa ku Brazil, kuphatikizapo tizilombo, minda ya ku Mulanje ndi ku Thyolo inatembenukira ku tiyi. Ndinatseka tsamba lija n'kuganiza zoyamba ndadziwa bwino wa kwathu.

Tsopano za kukazinga, pamene pagona nkhani.

Ulendo woyamba ndinakazinga ndekha, m'khitchini, pa mbaula ya makala oyaka lawilawi, pachiwaya chopyapyala chokazingira mazira. Ndinathira njere zodzaza chiwaya. Pasanathe mphindi zisanu zapansi zinali zitada, zapamwamba zikadali zobiriwira, utsi utadzaza nyumba mpaka ana kuthawira panja akutsokomola. Nditaswa njere imodzi, kunja inali yakuda koma m'kati yotuwa. Ndinaphikabe. Inali yowawa ngati khala, kwinaku ikumveka udzu.

Azakhali atamva anabwera okha Loweruka lotsatira. "Mwana wanga, mtedza umakazinga pa moto wa malawi? Agogo ako ankadikira chiyani asanaike phale pamafuwa?" Anandiuza nditulutse mbaula pakhonde, ndidikire mpaka makala onse atagwira moto n'kuvala phulusa loyera. M'malo mwa chiwaya chija anasankha poto wachitsulo wokhuthala pansi, amene amasunga kutentha ndipo sapsereza mbali imodzi. Mthiko anandituma ndikagule watsopano pamsika, chifukwa wa ndiwo unali utamwa anyezi ndi mafuta. Mpaka lero poto ameneyo ndi mthiko umenewo sizigwira ntchito ina.

Timayeza magalamu 200 basi, zongokwanira kuphimba pansi pa poto. Poto amayamba watentha payekha, kenako n'kuthira njere, ndipo kuchokera pamenepo dzanja silipuma. Mumatakasa mozungulira, nthawi zina n'kunyamula poto kumugwedeza kuti njere zitembenuke. Mphindi zinayi kapena zisanu zoyambirira zimaoneka ngati palibe chikuchitika. Ndi madzi amene akutuluka m'njere, ndipo fungo limakhala la udzu wonyowa. Apa ndi pamene munthu amalakalaka kukupiza moto. Musakupize. Njere zimasanduka zachikasu, fungo n'kukhala ngati la buledi akupsa, kenako zimayamba kufiira ngati mtedza wokazinga. Kakhungu kopyapyala kaja kamasupuka n'kumauluka, ndipo mankhusu amenewa akagwera pamakala amayaka, choncho ana akhale patali ndipo pafupi pasakhale nsalu kapena udzu.

Cha pa mphindi ya 9 kapena 10, azakhali anakweza dzanja. "Khala chete. Mvera."

The! Kenako the! the! Kuthetheka kwamphamvu, kotalikirana, ngati mbuliwuli zikamayamba. Ndi nthunzi imene yadzadza m'kati mwa njere ikuswa njereyo, ndipo njere zimafufuma nthawi yomweyo. Amene ali ndi choyezera kutentha amati izi zimachitika njere zikafika pa madigiri pafupifupi 196. Ine ndilibe choyezera, ndimadalira khutu ndi wotchi ya pa foni. Kuthetheka koyambaku ndiye chizindikiro chachikulu pa ntchito yonse. Musanakumve, khofi sanapse, ngakhale aoneke wofiira bwanji. Mukakumva, kwatsala kanthawi kochepa kwambiri. Pamenepa ndimakweza poto pang'ono kuchoka pamakala kuti moto uchepe, ndikutakasabe, n'kuwerenga mphindi imodzi ndi theka kapena ziwiri, kenako n'kuphula.

Mukapitirira, kuthetheka kumaleka, pamakhala bata pang'ono, kenako kumayambanso kwina kwapansipansi ndi kofulumira, ngati udzu wouma ukamapsa kutchire. Kumeneko ndi kwachiwiri, cha pa madigiri 224. Utsi umachuluka, njere zimada n'kuyamba kunyezimira mafuta. Alipo amene amakonda khofi wotero, makamaka omwera mkaka wambiri, ndipo sindikuwatsutsa. Koma kwa ine kukazinga khofi wa ku Misuku mpaka kufika pamenepo ndi kutaya ndalama ndi thukuta la mlimi, chifukwa kukoma kwa dera lake kumathera mu utsi ndipo khofi yense wopserera amafanana. Kulakwitsa kwina ndi kwa mantha, kuchepetsa moto mopitirira mpaka mphindi 20 kudutsa kuthetheka kusanamveke. Khofi wotero sawawa, koma amangoti zii, wopanda moyo.

Pophula ndi pamene lichero limaposa zipangizo zodula. Njere zikachoka pamoto zimapitirirabe kupsa ndi kutentha kwake komwe, ndiye ziyenera kuzizira msanga. Azakhali anazikhuthulira m'lichero n'kuyamba kupeta atafulatira mphepo. Mankhusu anauluka kugwera pabwalo, njere zikulira waa, waa, ndipo pasanathe mphindi zinayi zinali zogwirika ndi manja. Kupeta kumagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi, kuziziritsa ndi kuyeretsa. Atatha anatolamo njere zisanu kapena zisanu ndi imodzi zimene zinakana kuda, zotuwa pakati pa zinzake. Anati zimenezo zinathyoledwa zosapsa, zilibe shuga woti n'kufiira. Ndinatafuna imodzi, inamveka ngati pepala.

Sikelo imandithandizanso kudziwa mmene ndakazingira. Magalamu 200 akabwerera 170, ndiye kuti ndataya 15 peresenti, ndipo pamenepo ndi pamene ndimakonda. Akatsika kufika 160, ndadetsa kwambiri. Akakhala pamwamba pa 178, nthawi zambiri m'kati simunapse ndipo kapu imawawasa molumaluma. Zonsezi ndimalemba m'kope: tsiku, dera la khofi, mphindi imene kuthetheka kunayamba, imene ndinaphula, kulemera kwake, ndi mmene anakomera. Ndi kope limeneli limene linandionetsa kuti njere za kumapiri aatali a kumpoto ndi zolimba ndipo zimapirira moto, pamene za kuno zimafuna moto wofatsa pang'ono.

Chinthu chimene chinandivuta kuvomereza ndi kudikira. Khofi wongophula kumene amanunkhira nyumba yonse, koma pomwa sakoma kwenikweni. M'njere mumakhala mpweya wambiri umene umapangika pokazinga, ndipo umatuluka pang'onopang'ono. Ndimamusiya masiku atatu kapena anayi m'botolo lagalasi, tsiku loyamba chivindikiro osamangitsa. Kuyambira tsiku lachinayi mpaka milungu iwiri kapena itatu ndi pamene amakoma koposa. N'chifukwa chake ndimakazinga njere zochepa pa nthawi imodzi, zomwa sabata imodzi kapena ziwiri.

Kuno tili ndi mdani wathu amene a ku Lilongwe sam'dziwa bwino, chiperoni. Mu Juni ndi Julayi nkhungu ikatsika masiku atatu osaona dzuwa, ngakhale zovala m'kabati zimachita chinyontho. Njere zosakazinga zimayamwa chinyezi chimenechi. Ndinatayapo theka la kilogalamu limene ndinalisiya m'thumba pansi pa simenti. Tsopano ndimaziika m'chidebe chotseka bwino, pa shelefu, kutali ndi khoma ndi kutali ndi khitchini. M'firiji sindiikamo, chifukwa magetsi akazima ndi kuyakanso botolo limachita thukuta m'kati, ndipo mumakhala fungo la ndiwo.

Pogaya, gayani zokhazo zimene mumwe nthawi imeneyo. Khofi wogaya amataya fungo msanga kwambiri. Miyezi yoyamba ndinkasinja m'kamtondo kakang'ono katsopano n'kusefa, ndipo zinkatheka, kungoti ufa sufanana kukula. Kenako ndinagula kachigayo kopukusa ndi dzanja, ndipo pa zonse zimene ndagula, kameneka ndiko sindidandaula nako ndalama. Kaphikidwe kanga n'kosavuta. Magalamu 15 a khofi wogaya mokhakhala ngati mchere wa pamsika, madzi mamililita 250. Kuno kumtunda madzi amawira asanafike madigiri 100, choncho ndikaphula ketulo sindidikira nthawi yaitali. Ndimathira madzi pang'ono kaye, khofi n'kufufuma thovu, chizindikiro choti ndi watsopano, kenako otsalawo. Pakatha mphindi zinayi ndimasefa ndi kansalu koyera kamene sikachapidwa ndi sopo. Akawawa kwambiri, ulendo wina gayani mokhakhalako. Akawawasa ndi kupepuka, gayani mosalalako. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, apo ayi simudziwa chimene chathandiza.

Pa maulendo anayi amene ndagulanso pa intaneti kuchokera tsiku lija, atatu anayenda bwino. Wogulitsa wina ananditumizira kanema ndisanapemphe n'komwe, n'kulemba pa thumba dera ndi chaka chothyolera, ndipo ndi amene ndikumugulabe.

Azakhali amabwera Loweruka lililonse lachiwiri. Iwo amamwa wothira mkaka ndi masupuni awiri a shuga, ndi mbatata yootcha, ndipo sindinayesepo kuwasintha. Loweruka lapitali atamwa anakhala kaye chete, akuzunguza kapu m'dzanja. "Uyu unachedwa kuphula. Unali pa foni?" Ndinatsegula kope, ndipo zinalidi choncho, ndinapitirira ndi theka la mphindi. Ulendo wotsatira tikazinga wa kuno ku Thyolo, ndipo anena kale kuti makala ndichepetse, lichero abweretsa lawo.